Tenti ya boti yokhalitsa: mafunso ndi mayankho pa nsalu, ulusi, mazenera ndi zitsulo

Ndakhala pa makina osokera matenti a maboti kwa zaka zambiri, ndipo pafupifupi aliyense wobwera kudzasoketsa amayamba ndi funso la nsalu. Ndi funso labwino. Koma matenti amene anthu amabweretsa kuti ndikonze, ambiri nsalu yake imakhala idakali ndi moyo. Chimene chafa ndi ulusi, zipi kapena zenera. N'chifukwa chake m'mayankho awa ndakhalitsa pa tinthu ting'onoting'ono timene ogula sakonda kufunsa.

Tikamati tenti ya boti tikunena chiyani kwenikweni?

Tikunena denga la nsalu lokungidwa pa mapaipi, pamodzi ndi makoma ake a kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, amene amalumikizidwa ndi mazipi ndipo amakhala ndi mazenera a pulasitiki yoonekera. Denga lokha lopanda makoma eni maboti amalitcha bimini, ndipo kachishango ka kutsogolo kotchinga madzi othovoka amakatcha dodger kapena sprayhood. Zonsezi zikalumikizana, malo okhala woyendetsa ndi okwera amasanduka chipinda. Chipindachi chimapangidwa ndi zinthu zisanu ndi chimodzi: nsalu, ulusi, pulasitiki ya mazenera, mazipi, mabatani omangira ndi felemu. Chilichonse chimakalamba pa liwiro lakelake, ndipo chimene chayamba kufa ndicho chimagwetsa tenti yonse.

Nsalu yabwino koposa ndi iti?

Kwa anthu ambiri yankho langa ndi acrylic yonyikidwa utoto ulusi wake usanapangidwe. Tanthauzo lake ndi ili: utoto umasakanizidwa mu phala la pulasitiki lisanakokedwe kukhala ulusi, choncho mtundu umalowa mpaka mkati. Mukadula sopo wobiriwira, mkati mwake namonso ndi mobiriwira. Mukakanda khoma lopakidwa penti, njerwa imaonekera. Nsalu yonyikidwa itawombedwa kale ili ngati khomalo, dzuwa limachotsa mtundu wa pamwamba m'nyengo zochepa chabe.

Dzina lodziwika kwambiri ndi Sunbrella, ya kampani ya Glen Raven ya ku North Carolina ku America, nsalu imene inayamba kugulitsidwa mu 1961. Ya pa maboti imalemera magalamu pafupifupi 310 pa sikweya mita, ndipo kampaniyo imapereka chitsimikizo cha zaka 10. Dziwani kuti chitsimikizocho n'cha nsalu yokha, sichikhudza ulusi, zipi kapena zenera. Palinso ena opanga nsalu ya mtundu womwewu: Recasens ku Spain, Sattler ku Austria, ndi Tempotest ya ku Italy.

Ubwino wa acrylic ndi wakuti siwola, sisuluka msanga, ndipo imapuma, kutanthauza kuti chinyontho cha mkati chimatulukira m'timipata ta nsalu. Kufooka kwake kuli pawiri. Poyamba, sipirira kukhuzika: ikamakhula pa ngodya ya chitsulo kapena pa chingwe tsiku ndi tsiku, imabooka. Chachiwiri, imatamuka pang'ono, ndiye denga limene silinakungidwe bwino limachita thumba losunga madzi.

Poliyesita imachita bwino pamene acrylic yafooka. Ndi yolimba pokoka, sitamuka kwenikweni, ndipo imapirira kukhuzika. WeatherMax ndi poliyesita yonyikidwa utoto m'phala, pamene Top Gun ndi poliyesita yokutidwa ndi acrylic pamwamba. Boti limene limakokedwa pa ngolo mumsewu tenti ili pompo, kapena lothamanga kwambiri moti nsalu imangokupiza, ndimalisankhira poliyesita. Boti limene limakhala padoko chaka chonse dzuwa likuswa mtengo, acrylic ndiye mnzake.

Bwanji osangogula lona wamba kapena kanvasi wa thonje? Si wokhuthala kuposa zonsezi?

Kukhuthala si kulimba. Thonje limamwa madzi, limafupika likauma, ndipo chuku chimadya ulusi wake weniweniwo, chifukwa thonje ndi chomera. Lona wa pulasitiki yolukana uja wofunditsira katundu sanapangidwire kukhala padzuwa nyengo zambiri, amayamba kufumbutuka ngati ufa ndipo msoko sugwira. Ngati mukufuna chofunditsa boti kwa milungu ingapo, lona akwanira. Koma ntchito yoyeza, kudula ndi kusoka tenti ndi yofanana kaya nsalu ndi yabwino kapena yachabe, ndiye n'zomvetsa chisoni kuthera masiku onsewo pa nsalu yosafika patali.

Ndikufuna nsalu yosalowa madzi ngakhale dontho limodzi. Ilipo?

Ilipo, koma walira mvula walira matope. Nsalu zokutidwa ndi pulasitiki ya PVC, monga Stamoid ya kampani ya Serge Ferrari ya ku France kapena Weblon Regatta ya Herculite, madzi sadutsa, ndipo kutsuka kwake n'kongopukuta. Palinso SeaMark, imene kunja ndi Sunbrella koma kunsi kwake anamatako PVC. Vuto n'lakuti chimene chikutsekera mvula kunja chikutsekeranso chinyontho mkati. Usiku kukazizira, nthunzi ya m'chipinda imasanduka madontho kunsi kwa denga, m'mawa mipando yanyowa ngati kunagwa mvula, ndipo pakapita nthawi chuku chimamera pa makushoni.

Acrylic yatsopano imakankha madzi chifukwa cha mankhwala amene anaipaka ku fakitale. Madontho amangogubuduka. Mankhwalawa amatha pang'onopang'ono ndi dzuwa komanso kuchapa, ndipo amafunika kuwazanso.

Chimene ndimakonda kuchita pa boti la kumalo a mvula yambiri ndi kusakaniza: denga la nsalu yosalowa madzi, m'mphepete mwa makoma nsalu yopuma, ndi timabowo totulutsira mpweya tokhala ndi zisoti pamwamba. Ndipo denga lililonse, la nsalu iliyonse, likhale ndi msana wokwera pakati kuti madzi atsetsereke. Madzi akaima pa nsalu amapeza njira basi, makamaka pa mabowo a singano.

Yoyera kapena yakuda?

Yakuda imatentha mukaigwira, koma mthunzi wake ndi wozama ndipo maso satopa ndi kunyezimira. Imaonetsa mchere ndi zitosi za mbalame. Yoyera imalola kuwala kudutsa, pansi pake pamawala bwino, koma fumbi ndi timadontho ta chuku sizibisika. Sankhani imene mtima wanu wakonda. Pa nsalu yonyikidwa m'phala, mtundu si umene udzaphe tenti yanu.

Mwanena kuti ulusi ndi umene umayamba kufa. Zimatheka bwanji?

Taganizani pamene ulusi uli. Nsalu ndi ulusi zikwizikwi zolukana zotetezana, pamene msoko ndi kaulusi kamodzi kogona pamwamba pa zonse, kokungika, dzuwa likukaotcha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso, kotchedwa UV, kumadula timaunyolo ta mkati mwa pulasitiki ya ulusiwo. Kunja umaoneka bwinobwino, koma tsiku lina mphepo ikakoka, msoko wonse umamasuka ngati mwatsegula zipi.

Ulusi wa nayiloni musaulole n'komwe pa chinthu chokhala padzuwa. Ndi wolimba ukakhala watsopano, koma dzuwa limaupha msanga. Umene amisiri ambiri amagwiritsa ntchito ndi poliyesita yomatidwa kuti isamasuke, ya saizi V-92 kapena yokulirapo V-138, imene ena amailemba kuti Tex 90 ndi Tex 135. Uwu ndi wabwino, umasokeka mosavuta, koma kumalo a dzuwa lamphamvu umatha m'zaka zochepa nsalu idakali yolimba. Mankhwala oyeretsera aja timati jiki amaufulumizitsa kufa.

Ulusi wokhalitsa ndi wa PTFE, pulasitiki yomweyo imene imapakidwa m'mapani osamata chakudya. Mayina odziwika ndi Tenara wa kampani ya Gore ndi SolarFix. Dzuwa, mchere, jiki ndi chuku siziukhudza, ndipo umakhala mpaka nsalu itatha. Ndi wodula kwambiri pa mpukutu umodzi, komanso ndi woterera, moti makina amafuna kuwatchera bwino, apo ayi amalumpha misoko. Amisiri ena amaukana pa chifukwa chimenechi. Sutupanso ukanyowa, choncho mabowo a singano amatha kudontha pang'ono tenti ikakhala yatsopano. Mmisiri wodziwa amasankha singano yaing'ono ndipo amamata tepi pakati pa nsalu asanasoke.

Komabe ine ndimaumirira PTFE pa msoko uliwonse woona dzuwa, ndipo chifukwa chake n'choti kusokanso tenti si ntchito yaing'ono. Muyenera kuichotsa paboti, kuinyamula, mmisiri adutse msoko uliwonse kachiwiri, ndipo singano ikadutsanso imasiya mzere wina wa mabowo. Pa pulasitiki ya mazenera mabowowa satsekeka, amafooketsa m'mphepete ngati pepala lodulira lisiti. Ndinalandirapo tenti imene inasokedwanso katatu. Nsalu yake inali yabwino ndithu, koma m'mbali mwa mazenera munali mizere inayi ya mabowo, ndipo zenera linang'ambika m'manja mwanga ndikuliika pa makina. Mwini wake analipira katatu chinthu chimene akanalipira kamodzi.

Pulasitiki ya mazenera imasiyana? Yonse imaoneka ngati imodzi.

Imasiyana kwambiri, ndipo pa tenti yonse ichi ndicho chinthu chosalimba kuposa zonse. Pulasitiki yoonekera ndi PVC yothiridwa mankhwala ofewetsa. PVC payokha ndi yolimba gwa ngati paipi ya madzi. Ofewetsawo sakhala mkati mpaka kalekale: kutentha ndi dzuwa zimawatulutsa pang'onopang'ono. Akamatuluka, zenera limayamba kumata mukaligwira, kenako limachita chikasu, kenako bulauni, pomaliza limauma n'kuthetheka mukalipinda. Likafika pamenepo palibe mankhwala olibwezeretsa.

Ilipo ya mitundu iwiri. Ya pa mpukutu ndi yotsika mtengo, yofewa, yosavuta kukulunga, koma mukayang'anira mkati mwake zinthu zakutali zimaoneka zopindikapindika, ndipo imakandika msanga. Ya mapepala imapanikizidwa pakati pa zitsulo zosalala zotentha, ndiye imaonetsa bwino pafupifupi ngati galasi. Pepala limodzi limakhala la mainchesi pafupifupi 54 m'lifupi ndi 110 m'litali. Zabwino koposa zimakutidwanso pamwamba ndi chotetezera kukandika, chimene chimathandizanso kusunga ofewetsa aja mkati. Strataglass ndi O'Sea ndi mayina amene mudzamva kawirikawiri.

Makulidwe ake amatchulidwa ndi manambala 20, 30 ndi 40, amene ndi pafupifupi theka la milimita, magawo atatu mwa anayi a milimita, ndi milimita imodzi. Ya 20 ndi ya timazenera tating'ono. Ya 30 ndi yoyenera makoma a m'mbali amene mumakulunga tsiku lililonse. Ya 40 imaima mowongoka, sikupiza kwambiri ndi mphepo, ndipo ndi imene ndimaika kutsogolo kumene woyendetsa amayang'anira. Ngati simungakwanitse ya mapepala pa tenti yonse, igulireni zenera la kutsogolo lokha. Usiku mvula ikugwa, woyendetsa akufunafuna nyali ya padoko, kusiyana kwa mapulasitiki awiriwa kumaoneka poyera.

Ndinaona boti la mazenera owongoka ngati galasi lenileni. Amenewo ndi ati?

Amenewo ndi a pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate, monga Makrolon kapena Tuffak, kapena mapepala olimba a acrylic omatidwa ku nsalu, monga a EZ2CY. Amaonetsa bwino kwambiri ndipo samakwinyika. Koma sakulungika. Potsegula mumawakweza n'kuwakoleka ku denga, kapena kuwachotsa n'kuwagoneka penapake mosapinda. Musanawasirire, yang'anani ngati boti lanu lili ndi malo owasungira. Polycarbonate yopanda chotetezera pamwamba imachita chikasu padzuwa ndipo imakandika, choncho funsani yokutidwa. Ambiri amaika olimbawa kutsogolo kokha, m'mbali n'kusiya pulasitiki yofewa.

Zenera langa lachita mzere wa bulauni pamene limakhudza paipi. Chavuta n'chiyani?

Lapsa. Paipi ya chitsulo imatentha kwambiri masana, ndipo pulasitiki yotsamira pamenepo imawauka. Chipseracho sichichoka. Potchinjiriza, vekani paipiyo kansalu, kapena ikani timapulasitiki totalikitsa zenera ndi chitsulo. Mmisiri wabwino amakonza kuti mzere wa nsalu, osati pulasitiki, ndiwo ugwere pa paipi.

Zina zimene zimaononga mazenera ndi izi: mankhwala otsukira magalasi a m'nyumba okhala ndi ammonia, mowa wa sipiriti, mafuta odzola oteteza khungu ku dzuwa, ndi mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET. Dzanja lodzola likangogwira zenera, chidindo cha zala chimatha kukhala pomwepo mpaka kalekale. Musalipukute louma mchere uli pomwepo, chifukwa timiyala ta mchere timakanda. Yambani mwalitsira madzi ambiri, kenako nsalu yofewa. Polisunga likulungeni, musalipinde, ndipo ikani nsalu yofewa pakati kuti pulasitiki isamatirane. Mukalikulunga lonyowa limachita mbuu ngati chifunga, ngakhale kuti nthawi zambiri limayeranso likaumira padzuwa. Kukazizira kwambiri lisiyeni, musalikakamize, limasweka.

Zipi yabwino ndi yotani?

Ya mano a pulasitiki oumbidwa limodzilimodzi, saizi 10. Yodziwika ndi Vislon ya YKK. Zipi ya mano achitsulo ilibe malo paboti. Ija ya mano opota ngati sipuling'i imakhota bwino, ndiye imagwira ntchito pa zitseko za zenera zozungulira ngati chilembo U, koma mchenga ndi mchere zimaitsekereza msanga.

Samalani ndi kachokokera. Mano akhoza kukhala a pulasitiki koma kachokokera n'kukhala kachitsulo chopakidwa penti. Pa madzi amchere penti ikangosupuka, chitsulocho chimatupa ndi ufa woyera n'kuuma pamalo amodzi, ndipo mwini boti pokoka ndi pulayala amathyola mano. Ka pulasitiki kamatha kuthyoka, koma sikauma, ndipo kusintha kwake n'kosavuta.

Chinthu chimene chimatalikitsa moyo wa zipi kuposa dzina la kampani ndi kansalu koiphimba. Zipi yoonekera padzuwa mano ake amauma n'kuyamba kugweruka, ndipo tepi yake imafumbutuka. Uzani mmisiri kuti zipi iliyonse ikhale ndi chophimba cha nsalu. Velcro, tepi ija ya mbali ziwiri zokolana mukazikanikiza, nayonso ibisike, chifukwa yambiri ndi ya nayiloni. Muzitsuka mazipi ndi madzi opanda mchere, muziwayendetsa ngakhale simukufuna kutsegula, ndipo muziwapaka mafuta opangidwira mazipi, osati girisi wokola mchenga.

Zipi isagwire ntchito yokunga tenti. Ngati mukufunika anthu awiri kuti muitseke, khomalo linadulidwa lalifupi kapena pulasitiki yafupika ndi kuzizira. Dikirani dzuwa liifewetse, ndipo yambani mwalowetsa mazipi onse pang'ono musanadine mabatani a pansi.

Nanga mabatani omangira ku boti?

Akhale a chitsulo chosachita dzimbiri kapena a mkuwa wokutidwa ndi nickel. Otchipa aja ndi chitsulo wamba chonyezimiritsidwa, ndipo amadontheza dzimbiri pa nsalu ndi pa boti. Tengani maginito: batani la mkuwa silikokedwa, la chitsulo wamba limamata nthawi yomweyo.

Mabatani odina wamba ndi okwanira pamene nsalu sikokedwa kwambiri. Pa ngodya ndi kutsogolo kumene mphepo imamenya, ikani okhoma: Lift-the-DOT amene amatseguka mbali imodzi yokha, opotokola aja a Common Sense, kapena Tenax ndi Loxx amene samasuka mpaka mutakoka mutu wake. Pamene khoma likukumana ndi denga lolimba, njanji yolowetsamo chingwe chosokeredwa m'mphepete mwa nsalu ndi yabwino kuposa mabatani, chifukwa imagawa mphamvu mzere wonse ndipo madzi sapeza mpata. Batani lililonse likhomedwe pa nsalu yopindidwa kapena yoikidwa chigamba mkati, osati pa nsalu imodzi, ndiponso osati pa pulasitiki yokha.

Felemu ikhale ya aluminiyamu kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri?

Denga lokha pa boti laling'ono la pa madzi opanda mchere, aluminiyamu yokutidwa ikwanira: ndi yopepuka komanso yotsika mtengo. Koma mukangowonjezera makoma, tenti imasanduka thanga logwira mphepo, ndiponso anthu amagwira mapaipi boti likamagwedezeka. Pamenepo pamafunika chitsulo chosachita dzimbiri.

Chitsulochi chili ndi magulu. Cha 304 n'chabwino pa madzi opanda mchere. Cha 316 chinasakanizidwa ndi chitsulo china chotchedwa molybdenum, wokwana 2 mpaka 3 peresenti, amene amachiteteza ku timaenje toboola timene mchere umayambitsa. Ndi maso simungasiyanitse, ngakhale maginito sathandiza apa, ndiye funsani wogulitsa akuonetseni cholembedwa. Mapaipi ofala ndi a mamilimita 22, 25 ndi 32. Pa tenti yotsekedwa mbali zonse ndimayambira pa 25, ya khoma lokhuthala mamilimita 1.6, osati yopyapyala ya 1.2.

Zolumikizira mapaipi za nayiloni zimauma padzuwa n'kuthyoka mosachenjeza, choncho pa felemu ya chitsulo ikani zachitsulo. Ndipo pamene bawuti ya chitsulo chosachita dzimbiri ikulowa mu aluminiyamu, zitsulo ziwirizi zikanyowa ndi madzi amchere zimapanga kamagetsi kamene kamadya aluminiyamuyo. Pakani Tef-Gel kapena Duralac pa bawuti musanamange.

Pali china chimene anthu amaiwala?

Zigamba za mkati. Paliponse pamene nsalu ikhudza ngodya ya galasi la boti, mutu wa bawuti kapena cholumikizira mapaipi, pasokedwe chigamba cha nsalu ya PVC kapena poliyesita yolimba tenti idakali yatsopano. Malamba okungira akhale a poliyesita. A polypropylene amafumbutuka padzuwa, a nayiloni amatamuka akanyowa. Acrylic idulidwe ndi mpeni wotentha kuti m'mphepete musayoyoke. Tembenuzani tenti iliyonse imene mmisiri anasokapo kale muone kunsi kwake, mudzadziwa ngati amachita zimenezi.

Boti langa lili pa nyanja yopanda mchere. Zonsezi zikundikhudza?

Za zitsulo mukhoza kufewetsako: 304 ndi aluminiyamu zikutumikirani bwino. Za ulusi, mazenera ndi zophimba mazipi musachepetse kanthu, chifukwa chimene chimazipha ndi dzuwa, osati mchere.

Ndalama zanga n'zochepa. Ndichepetse pati?

Chepetsani kukula kwa ntchito, osati ubwino wa zipangizo. Sokani denga ndi khoma la kutsogolo chaka chino, mazipi olandirira makoma ena asokeredwe kale, m'mbali ndi kumbuyo mudzawonjezere m'tsogolo. Chepetsani kukula kwa mazenera a m'mbali, pakuti nsalu imakhalitsa kuposa pulasitiki. Chotsani zitseko zokhotakhota zimene simudzatsegula kawirikawiri, poti zipi iliyonse ndi malo ena odzaonongeka. Nsalu ya kampani yosatchuka kwambiri, bola ikhale yonyikidwa m'phala ndiponso yopangidwira maboti, si vuto. Pa ulusi pokha ndiye ndimakupemphani kuti musasunthe. Pa mtengo wa tenti yonse gawo la ulusi ndi laling'ono, koma ndi umene wagwira zina zonse.

Ngati mungathe, onjezerani zophimba mazenera za nsalu zodina ndi mabatani kunja. Boti limathera masiku ambiri lili padoko kuposa lili paulendo, ndipo masiku onsewo mazenera amakhala akupsa popanda wowayang'aniramo.

Ndiichape bwanji kuti ikhalitse?

Muziitsira madzi oyera kawirikawiri ndi kuisasa fumbi ndi bulashi yofewa. Chuku sichidya acrylic, chimamera pa litsiro limene lakhala pa nsaluyo. Sopo akhale wofatsa, madzi ozizira kapena ofunda pang'ono. Makina opopera madzi mwamphamvu ayi: amachotsa mankhwala okankha madzi ndipo amadula ulusi wofooka.

Chuku chikakanika, malangizo a Sunbrella ndi kusakaniza kapu imodzi ya jiki ndi kota ya kapu ya sopo wofatsa m'malita pafupifupi 4 a madzi, kunyowetsa nsalu kwa mphindi 15, kenako kutsukuluza kwambiri. Izi ndi za acrylic yonyikidwa m'phala, musaziyese pa nsalu ina musanawerenge malangizo ake. Chitirani kumtunda, kutali ndi nyanja, ndipo madziwo asakhudze mazenera. Nsalu ikauma, iwazeni mankhwala obwezeretsa kukankha madzi, monga 303 Fabric Guard, mutaphimba mazenera. Musaisunge yonyowa.

Kodi tenti yotsekedwa bwino ili ndi choopsa chilichonse?

Inde, ndipo ili ndi funso limene ndimafuna aliyense atafunsa. Injini, jenereta ndi chitofu zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, koma umapha. Boti likamayenda, kumbuyo kwa tenti kumapangika kamphepo kozungulira kamene kamakokera utsi wa injini m'chipinda, makamaka khoma la kumbuyo likakhala lotsegula kutsogolo kuli kotseka. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire ndi nseru, zimene anthu amaziyesa kudwala kwa mafunde. Injini ikamalira, tsegulani kutsogolo kuti mphepo idutse kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ikani alamu ya carbon monoxide yopangidwira maboti. Wina akayamba kudandaula mutu, mutulutsireni ku mphepo, zimitsani injini ngati n'kotheka kutero bwinobwino, ndipo mufulumire naye kuchipatala.

Ndili ndi tenti yakale. Ndidziwa bwanji ngati ndi yokonza kapena yotaya?

Yambani ndi ulusi. Kandani msoko wa pamwamba pa denga ndi chikhadabo. Ukaduka kapena kusanduka ufa, misoko yonse yoona dzuwa yatha, ngakhale imene ikuoneka yabwino. Kenako yesani nsalu: pezani malo amene apsa kwambiri ndi dzuwa, itsineni ndi manja awiri n'kukoka mwamphamvu, kapena ikanikizeni ndi chala chachikulu. Ikalira kapena kubooka, musataye ndalama poisokanso. Ikakana, iunikeni padzuwa muone ngati pali malo opyapyala pamene imakhula mapaipi. Amenewo ndi a chigamba chabe.

Nsalu ikapambana mayeso amenewa, mazenera ndi mazipi zimasinthika popanda kusoka tenti yatsopano. Mmisiri amasokera pulasitiki yatsopano pamwamba pa yakale kuti khoma lisasinthe maonekedwe, kenako amadula yakaleyo kunsi. Mukamapita nayo kwa mmisiri, tengani makoma onse ngakhale amene mukuona kuti ali bwino, kuti mazipi atsopano akayesedwe ndi anzake, ndipo mupempheni akuonetseni mpukutu wa ulusi umene ati asokere, muwerenge nokha chimene chalembedwapo.